Sikuta yakale ikudontha oyilo: mmene mungapezere bowo ndi kulitseka

Sikuta ikayamba kusiya dontho lakuda pamene yagona usiku, ambiri amathamangira zinthu ziwiri: kulimbitsa bawuti iliyonse yomwe sipanala ingafikepo, kapena kupaka silikoni paliponse ponyowa. Sabata isanathe dontho lija limabwerera, ndipo nthawi zina bawuti imodzi yatha kale mazinga. Vuto ndi loti pamene oyilo akuonekera kawirikawiri si pamene akutulukira. Fani ya injini ndi mphepo ya pamsewu zimamukankhira kumbuyo, kenaka amayenderera mpaka pansi penipeni, ndipo fumbi likamatirapo injini yonse imaoneka ngati yathibulidwa m'matope.

Malangizowa ndi a injini ya GY6, yomwe ili m'masikuta ambiri ochokera ku China ndi ku Taiwan. Yang'anani nambala yodindidwa kumunsi kwa injini, mbali ya lamba: 139QMB ndi ya 50cc, 152QMI ndi ya 125cc, 157QMJ ndi ya 150cc. Miyezo yambiri ili m'munsimu ndi ya 125 ndi 150. Tikati kumanzere kapena kumanja, tikuwerenga ngati mwakhala pa mpando.

## Zofunika kukhala nazo

- Masipanala a bokosi a 8, 10, 12, 14, 17 ndi 24 mm
- Torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira bawuti, yomwe imawerengedwa mu Nm), ngakhale yobwereka
- Sikuludiraiva yafulati yaing'ono ndi ya mtanda, ndi pulayazi
- Palafini, bulashi yakale, nsanza zambiri ndi sopo wa ufa
- Paudala wa ana, tochi ndi katoni yoyera bwino
- Beseni lolandirira oyilo, ndi jekeseni wamkulu wopanda singano
- Lita imodzi ya oyilo wa injini, 10W-40 kapena 15W-40. Kumalo otentha ngati ku Chikwawa ndi ku Nsanje 20W-50 amachita bwino pa injini yotopa
- Oyilo wa magiya wa 80W-90
- Chogwirira variator (mbale zakutsogolo zoyendetsa lamba) kuti isazungulire, ndi chozulira flywheel (gudumu lachitsulo la maginito lomwe lili kuseri kwa fani), ngati ntchito ifika kumeneko

Magasiketi (zotseka mpata pamene zitsulo ziwiri zakumana), masili (mphete zalabala zotseka oyilo pa shafiti) ndi mawashala musagule panopa. Dikirani mudziwe chomwe chafa.

## Gawo loyamba: pezani pamene oyilo akutulukira

Gawo ili ndi limene anthu amalidumpha, koma ndi limene limapulumutsa ndalama.

1. Imikani sikuta pa sitandi yapakati, pamalo osapendekera. Tulutsani kamtengo koyezera oyilo, kamene kali kumanja pafupi ndi ekizozi. Kapukuteni, kalowetseni osakapotokola, katulutseninso. Oyilo akhale pakati pa malire awiri aja. Ngati wapitirira malire apamwamba, mwina vuto lanu lonse lagona pamenepo: oyilo wochuluka amathamangitsidwa ndi crankshaft (shafiti yaikulu ya injini yomwe pisitoni imazungulitsa) n'kuyamba kufuna potulukira.

2. Nunkhizani kamtengoko. Fungo la petulo likutanthauza kuti kabyuleta kapena mpopi wa petulo ukudonthetsera mafuta mu injini. Oyilo wosakanikirana ndi petulo amachuluka, amapyapyala, ndipo amadutsa pa sili yomwe oyilo wabwino sakanadutsa. Konzani kabyuleta kaye, sinthani oyilo, ndiye muone ngati kudontha kukupitirira.

3. Chotsani mpando pamodzi ndi bokosi lake, lomwe limagwidwa ndi manati kapena mabawuti anayi a 10 mm, komanso pulasitiki ya kumapazi yomwe imaphimba mutu wa injini.

4. Injini itazizira, itsukeni ndi palafini ndi bulashi, kenaka madzi a sopo. Tsekani polowera mpweya ndi pepala lapulasitiki, ndipo musalozetse madzi pa mawaya. Chenjezo: musatsuke ndi petulo. Nthunzi yake imayaka ndi kamoto kakang'ono kwambiri, komanso imaumitsa labala. Siyani injini iume padzuwa.

5. Wazani paudala pa mizere yonse yomwe zitsulo ziwiri zakumana: kuzungulira chivundikiro cha mavavu, m'munsi mwa silinda, pa mabawuti apansi, kuseri kwa gudumu lakumbuyo. Ikani katoni pansi.

6. Lizani injini kwa mphindi 10 ili pa sitandi, mukuyang'ana ndi tochi. Ngati palibe chaoneka, yendani makilomita asanu pa tala, osati m'fumbi, mubwere muyang'anenso. Paudala amada pamene oyilo wadutsa. Tsatirani mzere wakudawo chokwera ndi chakutsogolo mpaka pamene wayambira. Malo onyowa omwe ali pamwamba kuposa onse ndiwo bowo lanu.

Zindikiraninso mtundu wa oyilo. Wa injini ndi wakuda ndi wopyapyala. Wa magiya ndi wolemera, ndipo fungo lake ndi loipa, lofanana ndi dzira lovunda. Dontho loyera ngati mafuta ophikira pamwamba pa chivundikiro cha lamba likhoza kuchokera ku shoko yakumbuyo yomwe yaphulika, injini ilibe mlandu.

## Ngati akudontha pansi pa injini

Iyi ndi ntchito ya theka la ola, ndipo ndi yomwe imapezeka kawirikawiri pa sikuta yomwe yasinthidwa oyilo kambirimbiri. Pansi pali malo awiri: bawuti yotsitsira oyilo ya 17 mm kumanzere, ndi chivundikiro chachikulu cha kasefa chomwe chili kunsi, chakumanja.

1. Tenthetsani injini mphindi zitatu, izimitseni, ikani beseni, masulani bawuti yotsitsira oyilo. Samalani ndi ekizozi.

2. Onani washala ya pa bawutiyo. Ndi ya aluminiyamu kapena ya kopa, ndipo ntchito yake ndi kuphwanyika pang'ono kuti itseke. Ikaphwanyika kawiri katatu imauma, sitsekanso. Ikani yatsopano ya muyezo womwewo. Washala yachitsulo wamba sigwira ntchitoyi.

3. Masulani chivundikiro cha kasefa mutachigwira ndi dzanja, chifukwa m'kati muli sipuling'i yomwe imachikankha. Mutuluka zinthu zitatu: chivundikiro chokhala ndi kamphete kalabala, sipuling'i, ndi kasefa kawaya konga kachipewa. Tsukani kasefa ndi palafini. Kamphete kalabala kakakhala kafulati, kouma kapena kong'aluka, kasintheni.

4. Bwezerani motere: kasefa koyamba, kukamwa kwake kokhala ndi labala kuloze m'kati mwa injini, kenaka sipuling'i, kenaka chivundikiro. Pakani oyilo pang'ono pa kamphete katsopano.

5. Yambani kumanga ndi zala mpaka zitalowa bwino, sipanala ibwere pomaliza. Bawuti yotsitsira oyilo imafuna 20 mpaka 25 Nm, chivundikiro cha kasefa 15 Nm yokha. Chenjezo: chivundikirochi ndi chofewa, chimang'aluka mukachikakamiza. Chomwe chimatseka ndi labala, osati mphamvu ya dzanja.

Bawuti ikamangozungulira osagwira, mazinga a mu injini atha. Musaikulunge ndi tepi ya mapaipi a madzi n'kuyenda ulendo: ikagwa pamsewu oyilo yense amathera pa tayala lakumbuyo. Pitani kwa makaniko wodziwa kudula mazinga atsopano.

## Ngati mutu wa injini ndiwo wanyowa

Mutu wa GY6 umaloza kutsogolo, ndipo oyilo wochokera kumeneko amalowa m'mapulasitiki ophimba silinda n'kukatulukira kutali. Ndiye chifukwa chake ambiri amaweruza kuti gasiketi ya mutu yapsa, pamene vuto ndi labala wa ndalama zochepa.

1. Injini itazizira kwathunthu, chotsani kapaipi kopumira komwe kamachoka pa chivundikiro cha mavavu kupita ku bokosi la sefa ya mpweya. Uziranimo. Mpweya uzidutsa mosavuta. Kapaipi kopindika, kotsekeka ndi matope kapena komwe wina anakatseka ndi bawuti kamachititsa kuti mpweya uunjikane mu injini, ndipo mpweyawo umakankha oyilo pa sili iliyonse yofooka.

2. Masulani mabawuti a 8 mm a chivundikiro ndi kuchichotsa. Chikakakamira, chigogodeni ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Musalowetse chitsulo pakati, mungakande pokhala gasiketi.

3. Chotsani gasiketi yalabala mu ngalande yake. Pukutani ngalandeyo ndi nkhope ya mutu mpaka ziume. Chotsani silikoni yense wakale, ndipo tizidutswa tisagwere m'kati.

4. Khazikani gasiketi yatsopano mu ngalande. Ikamagwa, madontho a girizi m'makona amaigwira.

5. Mangani mabawuti modumphanitsa, uyu kenaka wa pangodya yoyang'anana naye, pang'onopang'ono kawiri, mpaka 10 Nm. Ngati mulibe torque wrench, gwirani sipanala pafupi ndi mutu wake ndi zala zitatu, ikangolimba onjezani pang'ono basi. Mabawutiwa amaduka msanga.

Pamwamba pa silinda pali kachitsulo kokoka tcheni cha camshaft (shafiti yotsegula ndi kutseka mavavu), komangidwa ndi mabawuti awiri a 8 mm, ndi sikulu pakati pake. Kamadontha pa gasiketi yake yapepala kapena pa kamphete ka pansi pa sikuluyo. Pokabwezera, chotsani sikulu yapakati, lowetsani sikuludiraiva yafulati m'bowomo, potokolani chakumanja kuti kamtengo kake kabwerere m'kati, gwirani choncho mukumanga mabawuti awiri aja, kenaka musiye. Chenjezo: musazungulitse injini kachitsuloka katachotsedwa. Tcheni chikadumpha dzino limodzi, injini itaya mphamvu kapena ikana kulira.

Ngati paudala waonetsa kuti oyilo akuchokeradi pakati pa mutu ndi silinda, kapena m'munsi mwa silinda, pafunika kuchotsa camshaft ndi kutchera mwatsopano taimingi, yomwe ndi kugwirizana kwa mavavu ndi pisitoni. Amene sanaigwirepo ntchitoyi aipereke kwa makaniko, ndipo agule magasiketi onse awiri, chifukwa mukamasula mutu ya m'munsi nayo imasuntha.

## Ngati oyilo akutuluka m'chivundikiro cha lamba

M'bokosi la lamba muyenera kukhala mouma. Mukapezamo oyilo, sikuta imalira kwambiri koma osathamanga, kapena imanjenjemera ponyamuka, chifukwa lamba ndi kilachi zikuterera. Oyilo wakuda kutsogolo kwa bokosi ndi wa sili ya crankshaft. Wonunkha kumbuyo ndi wa giyabokisi.

1. Masulani mabawuti a 8 mm a chivundikiro. Ndi osiyana kutalika, choncho jambulani chivundikirocho pa katoni, muzibaya bawuti iliyonse pamalo ake.

2. Gwirani variator ndi chogwirira chake, masulani nati ya 17 mm. Imamasukira kumanzere monga nati ina iliyonse. Chenjezo: musapanikize sikuludiraiva m'mapiko a mbale yakunja. Phiko limodzi likathyoka mbaleyo imayamba kugwedeza crankshaft.

3. Chotsani motsatana, mukuyala pa nsanza mmene zatulukira: nati, washala, mbale yakunja, lamba, kenaka variator yonse ndi kapaipi kake kachitsulo. Ikani zala kuseri pokoka kuti ma roller, tizitsulo tobulungira ta m'kati mwake, asamwazike.

4. Pa mainjini ambiri a 125 ndi 150, kuseri kwa variator kuli giya ya kikisitati yomwe imakhala yothina pa shafiti. Masulani nati yake, giyayo muizule ndi chozulira. Kuimenya ndi hamala kumawononga beringi ya crankshaft.

5. Sili ikaonekera, musaichotse kaye. Gwirani nsonga ya crankshaft, igwedezeni mmwamba ndi pansi. Isasunthe ngakhale pang'ono. Ikagogoda, beringi yatha, ndipo sili yatsopano idzayamba kudontha pakangopita masiku ochepa, chifukwa shafiti yovina imakuza bowo la labala. Apa injini iyenera kutsegulidwa pakati. Kulidziwa izi musanagule sili kumakupulumutsani kugwira ntchito imodzi kawiri.

6. Onani kuti sili yakale yalowa mpaka pati, ijambuleni ndi foni. Boolani kabowo kakang'ono pakati pa nkhope yake, lowetsani sikulu yakuthwa ya matabwa mazinga awiri kapena atatu okha, kokani ndi pulayazi. Ikakana, ikani sikulu yachiwiri mbali inayo, muzikoka mosinthana. Chenjezo: kuseri kwa sili kuli beringi, ndiye sikulu isapite patali. Musakande shafiti kapena khoma la bowo: kamzere kamodzi kokandika ndi njira ya oyilo mpaka kalekale.

7. Werengani manambala olembedwa pa sili yakale. Amatchula kukula kwa bowo lam'kati, kukula kwa kunja ndi kuchindikala, mu mamilimita. Pa 125 ndi 150 nthawi zambiri ndi 19.8x30x5. Pitani nayo yakaleyo kogula. Ogulitsa ena amapereka ya 20x30 n'kunena kuti n'zofanana, koma kusiyana kwa 0.2 mm kumeneko n'kokwanira kudutsa oyilo wotentha.

8. Pukutani shafiti. Yendetsani chikhadabo pamene mlomo wa sili umakhudza. Chikhadabo chikakodwa mu ngalande, sili yatsopano muikhazike mosiyana pang'ono ndi pamene panali yakale, kuti mlomo wake ugwire pa chitsulo chosalala.

9. Kulungani mano a shafiti ndi tepi yamagetsi kuti asadule labala. Pakani oyilo pa mlomo wa sili. Mbali yotseguka, yomwe mukuona kasipuling'i kozungulira, iloze m'kati mwa injini, ndipo mbali ya manambala iloze kwa inu.

10. Kankhani ndi zala kuti iyambe kulowa mowongoka. Malizani ndi paipi yosalala kukamwa, yofanana kukula ndi sili, mukugogoda pang'onopang'ono. Ikayamba kupendekera, siyani, gogodani mbali yotsalira. Chotsani tepi.

11. Tsukani mbale zonse, belu la kilachi (mbale yachitsulo yophimba kilachi) ndi bokosi lonse mpaka pasatsale mafuta. Lamba yemwe wamwa oyilo asinthidwe. Nambala yake ili pamsana pake. Pa 150 wofala ndi 835-20-30 ndi 842-20-30.

12. Pobwezera, finyani mbale zakumbuyo ndi manja kuti lamba amire m'kati mwake, apeze mpata kutsogolo. Lamba akapanikizika pakati pa mbale zakutsogolo pomanga, nati imaoneka yolimba pamene sinafike, ndipo imadzamasuka pamsewu n'kudya mano a crankshaft. Mangani pa 50 mpaka 60 Nm.

## Ngati wanyowa ndi mbali ya fani

Oyilo wodontha pansi pa chivundikiro cha fani kumanja, kapena wowazidwa pa silinda yonse, amachokera ku sili ya kuseri kwa flywheel. Chotsani chivundikiro, fani, ndi nati ya pakati. Flywheel imafuna chozulira chake: M27x1.0 cha mazinga akumanzere pa 125 ndi 150, M24x1.0 pa 50cc. Musaimenye, muli maginito omwe amasweka. Chotsani makoyilo, sinthani sili monga tafotokozera pamwambapa, ndipo samalani kakiyi konga theka la mwezi komwe kali pa shafiti. Kakapanda kulowa m'malo mwake pulagi imatulutsa moto nthawi yolakwika. Musanayambe zonsezi, onani kamphete kalabala ka pa kamtengo koyezera oyilo ndi ka pa sitata. Tonse tiwiri tili mbali yomweyo ndipo timanamiza anthu ambiri.

## Giyabokisi ndi gudumu lakumbuyo

Giyabokisi imalowa oyilo wochepa kwambiri, pakati pa mamililita 100 ndi 130 malinga ndi mtundu wake. Ambiri amathira mpaka kusefukira, wotsalayo n'kumatuluka pa kapaipi kopumira. Choncho yambani ndi kutsitsa yense, muyeze woyenera ndi jekeseni, muthire, muone ngati kudontha kwatha.

Kukapitirira, pali masili awiri. Ya kuseri kwa kilachi, kawirikawiri 20x32x6, imafikika mukachotsa nati ya belu ndi kusolola mbale zakumbuyo zonse pamodzi. Chenjezo: musamasule nati yaikulu yopyapyala ya pa kilachi penipeni. M'kati muli sipuling'i yamphamvu yomwe ingakuvulazeni kumaso.

Inayo ili pa shafiti ya gudumu, kawirikawiri 27x42x7. Chotsani ekizozi, masulani nati ya gudumu wina atagwira buleki, solorani gudumu. Sili iyi ndi yoopsa kuposa zonse, chifukwa oyilo wake amagwera m'dilamu la buleki. Mashuzi a buleki omwe anyowa ndi oyilo atayeni. Kuwatsuka ndi petulo kapena kuwawamba pamoto kumangoyeretsa pamwamba, akatentha pamtsetse oyilo amatulukanso. Nati ya gudumu imafuna 100 mpaka 120 Nm.

## Kuthira oyilo ndi kuyesa

1. Thirani mamililita 700, dikirani mphindi ziwiri, yezani, onjezani pang'onopang'ono. Pa 150, posintha oyilo wamba, nthawi zambiri amakwana 750 mpaka 800. Botolo la lita lisathere momwemo.
2. Lizani mphindi zitatu, zimitsani, yezaninso.
3. Tsukani malo mwakonzawo, wazaninso paudala, yendani makilomita 10, yang'anani. Ikani katoni yatsopano pansi usiku wonse.
4. Oyilo wakale muikeni m'chigubu chotseka mupereke ku galaja. Musamuthire m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime.

## Zolakwika zomwe zimabweza kudontha

Silikoni wochuluka. Wofinyikira m'kati amaduka n'kukatseka kasefa kapena tinjira topita ku camshaft. Injini imasiya kudontha, koma mutu umauma n'kupsa. Gasiketi yalabala ndi masili safuna silikoni.

Kusintha sili osayang'ana mpweya wa mu injini. Injini ikulira, chotsani kapaipi kopumira muike chala pafupi. Kupuma pang'onopang'ono n'kwabwinobwino. Utsi wambiri ndi malovu a oyilo, makamaka ngati ekizozi ikutulutsanso utsi wabuluu ndipo m'bokosi la sefa muli oyilo, zikusonyeza kuti maring'i a pisitoni atha. Injini yotere imaphulitsa sili iliyonse yomwe mungaike mpaka maring'iwo atasinthidwa.

Kulimbitsa bawuti chifukwa pakudontha. Mabawuti a injiniyi amalowa mu aluminiyamu. Gasiketi yakufa sidzuka ndi sipanala, mazinga ndiwo amatha.

Kuika sili youma kapena chagada. Youma imapsa mlomo pa mphindi zoyamba injini ikalira. Yachagada imadontha tsiku lomwelo.

Kuthira mankhwala oletsa kudontha kapena oyilo wolemera kwambiri. Amabisa vuto kwa kanthawi, ndipo oyilo wa magiya mu injini amachedwa kufika ku mutu m'mawa kukazizira.

Kudula gasiketi pa katoni ya sopo. Imamwa oyilo n'kufewa. Pakavuta, gulani pepala lenileni la magasiketi mudule pamenepo, lochindikala mofanana ndi yakale.

Kuyenda osayeza podikira sipeya. Injiniyi imasunga oyilo wosakwana lita, ndipo yambiri ilibe nyali yochenjeza kuti wachepa. Kutaya kapu imodzi ndi kutaya gawo limodzi mwa magawo atatu a oyilo yense. Mpaka mutakonza, yezani m'mawa uliwonse musanalize, ndipo muziyenda ndi kabotolo koonjezera pansi pa mpando.